KODI SUKULU YA SEKONDALE NJA CHIANI M'DZIKO LOLAMULIDWA NDI ANTHU?

Chaka ndi chaka, maina a ana osankhidwa kukayamba Fomu 1 akatuluka, m'midzi yambiri mumamveka nthungululu. Pambuyo pa nthungululuzo pamadza thukuta: bambo amagulitsa mbuzi, mai amatapa mtedza umene adasungira mbeu, malume amene ali ku Joni amatumiza kangachepe, zonsezo kuti mwana apeze yunifolomu, nsapato, makope ndi bulangete. Munthu akawafunsa makolowo chifukwa chimene akudzisautsira chotere, yankho lao limakhala limodzi paliponse: afuna kuti mwanayo adzapeze nchito, adzawathandize pa ukalamba wao.

Yankho limeneli si loipa, ndipo wolinyoza ndiye kuti sadagonepo ndi njala. Komabe funso litsala: kodi cholinga chonse cha sukulu ya sekondale nchomwechi? Ngati nchomwechi, ndiye kuti mnyamata aliyense amene adatsiriza Fomu 4 nabwerera kumudzi kukagwira khasu adataya zaka zinai, ndipo mbuzi ya bambo wake idapita pachabe. Anyamata ndi atsikana otere ngochuluka zedi m'dziko muno. Nchifukwa chake funsoli liyenera kuyankhidwa mosamala.

CHOLINGA CHA CHINTHU

Anthu anzeru akale adaphunzitsa kuti munthu sangathe kuweruza ngati chinthu nchabwino kapena choipa asanadziwe chimene adachipangira. Nkhwangwa yabwino ndi imene idula mtengo. Wofuna kulimira nayo adzati njachabe, koma kulakwa nkwake, osati kwa nkhwangwa. Adaphunzitsanso kuti chinthu chimodzi chingathe kukhala ndi zolinga ziwiri, china chapafupi, china chapatali, ndi kuti chapafupicho chimatumikira chapatali. Mlimi amalima kuti akolole, koma amakolola kuti banja lake likhale ndi moyo. Ndipo mlimi amene angadzaze nkhokwe ana ake akufa ndi njala wasokoneza zolinga ziwirizo. Chimodzimodzi sukulu. Kupezetsa mwana nchito ndicho cholinga chake chapafupi. Nanga chapatali nchiti?

Aristotle, m'buku lake lotchedwa Politics, adalemba kuti maphunziro a ana ayenera kulingana ndi mtundu wa boma la dziko lao, popeza boma lirilonse limakhazikika pa makhalidwe a anthu ake. Tanthauzo lake nlakuti wofuna kudziwa cholinga cha sukulu ayambe wafunsa kuti mwini dziko ndani. Mbiri ya dziko lino iwachitira umboni mau amenewa.

SUKULU IMATSATA MWINI DZIKO

Amishoni a Livingstonia adatsegula sukulu ku Cape Maclear mu 1875, koma padapita zaka 65 kuti dziko la Nyasaland lione sukulu yoyamba ya sekondale. Ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo Boma lidatsegula yake ku Dedza mu 1951. Kuchedwa kumeneku sikudali kosowa chifukwa. Mu 1924 kudafika nthumwi za bungwe la ku America la Phelps-Stokes, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, pamodzi ndi James Aggrey wa ku Gold Coast. Nthumwizo zidalimbikitsa maphunziro a ulimi, a ukhondo ndi a nchito zamanja, oyenerana ndi moyo wa kumudzi. Uphunguwo udali ndi zabwino zake, koma udakomeranso iwo amene sankafuna kuti Mwafirika aphunzire kwambiri. Boma la Atsamunda linkasowa makalaliki, omasulira m'makhoti ndi akapitao. Silinkasowa anthu ofunsa za malamulo, pakuti malamulowo ankachokera ku London ndi ku Zomba. Anthu onga Levi Mumba, amene adakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, adalimbana zaka zambiri kupempha maphunziro apamwamba, chifukwa adazindikira kuti mtundu wosaphunzira ulibe mau pa zake zomwe.

Dziko lidalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo mu 1966 lidasanduka la chipani chimodzi. Sukulu za sekondale zidachuluka, koma nchito yao idali yokonza antchito a Boma odziwa zinthu ndi omvera. Mu 1981 kudatsegulidwa Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene ana ochepa osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigriki. Maganizo ake adali akale ndithu, onga a Plato: kuphunzitsa owerengeka bwino lomwe kuti adzatsogolere ochuluka.

Tsono zinthu zidatembenuka. Pa 14 June 1993 anthu adafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali, ndiye kuti boma la zipani zambiri. Chisankho chidachitika pa 17 May 1994. Malamulo akulu a dziko amene adakhazikitsidwa nthawi imeneyo anena m'gawo la 12 kuti mphamvu zonse zolamulira zichokera kwa anthu a m'Malawi, ndi kuti amene azigwiritsa nchito angozisungira eni ake. Pa chisankho cha 1961 munthu ankayenera kuonetsa kuti ali ndi maphunziro, chuma kapena udindo wina kuti aloledwe kuponya voti. Lero aliyense wofika zaka 18 aloledwa, wolemera ndi wosauka yemwe. Mwini dziko adasintha. Kodi sukulu idasintha naye, kapena ikali kusula makalaliki a bwana amene adapita kale?

KULONGA UFUMU

Pakati pa Achewa, mfumu ikamwalira, a m'banja amasankha woilowa, kawirikawiri mng'ono wake kapena mwana wa mlongo wake. Koma sangomkhazika pampando tsiku lomwelo. Amayamba amlowetsa m'nyumba, ndipo akuluakulu ndi mafumu anzake amamlangiza: asamaweruze atamva mbali imodzi, asamakondere abale ake, asamanyoze mlendo kapena wamasiye, asamadye za anthu. Makolo adadziwa kuti mphamvu yopatsidwa kwa munthu wosalangizidwa iri ngati moto m'manja mwa mwana pafupi ndi nkhokwe.

M'boma la demokalase ufumu waperekedwa kwa onse. Mtsikana wa zaka 18 akalowa yekha m'kachipinda koponyera voti, pa kamphindi kameneko ndiye mfumu: akuweruza mlandu wa atsogoleri, ndipo chiweruzo chake chiri ndi kulemera komweko ngati cha nduna kapena cha profesa. Kodi mfumu imeneyi adailangiza ndani? Banja lichitapo mbali yake, ndipo mbali ya banja ndiyo yoyamba. Koma sukulu ya pulaimale imalandira mwana akali wamng'ono, nimpatsa zipangizo zokha, ndizo kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Ndipo ku yunivesite kumafika owerengeka, aliyense kukatsata luso lake. Pakati pa ziwirizi pali zaka zinai za sekondale, kuyambira pamene mwana ali ndi zaka ngati 14 kufikira pa 18. Ndiyo misinkhu imene nzeru za munthu zimayamba kufunsa kuti "chifukwa chiani", imene mtima umakonda chilungamo ndi kudana ndi chinyengo koposa nthawi ina iriyonse, ndiponso imene makhalidwe amauma monga umaumira mtondo wa dothi. M'mera mpoyamba. Sukulu ya sekondale ndiyo nyumba yolangizira mafumu a dziko la demokalase, ndipo chimenechi ndicho cholinga chake chapatali. Malangizo ake aakulu alipo atatu.

LOYAMBA: KUSIYANITSA ZOONA NDI ZONAMA

Pali ena amene aganiza kuti chimene anthu ochuluka abvomereza chimasanduka choona. Maganizo amenewa ngolakwa. Mzinda wa Athens, kumene kudachokera dzina lomwe la demokalase, udaweruza Socrates kuti afe m'chaka cha 399 Kristu asanabadwe, ndipo oweruzawo adali nzika pafupifupi 500 zoponya voti mwaufulu. Kuchuluka kwa manja sikudasandutse chiweruzocho kukhala cholungama. Voti imasankha wolamulira, koma siingathe kulamula kuti 2 kuphatikiza 2 akhale 5. Motero dziko lolamulidwa ndi anthu limasowa anthu odziwa kufunsa umboni, chifukwa kumene anthu ali ndi mphamvu, onyenga onse amalunjika kwa anthuwo.

Apa ndi pamene pamaonekera phindu la maphunziro amene ambiri amati alibe nchito. Mnyamata amadandaula kuti sadzagulitsa geometry pa msika. Zoonadi sadzaigulitsa, koma m'phunziro limenelo amazolowera kusabvomera chinthu chifukwa chakuti wanena ndi mphunzitsi, koma chifukwa chakuti chatsimikizika, sitepe ndi sitepe. M'phunziro la sayansi amazolowera kuyesa asanakhulupirire. M'phunziro la mbiri amaona kuti nkhani imodzi ingasimbidwe mosiyana ndi wopambana ndi wogonja, ndipo amaphunzira kufunsa kuti wolemba adali yani, nanga ankafuna chiani. Munthu wozolowera zimenezi sanyengeka msanga ndi wandale wolonjeza mlatho kumene kulibe mtsinje, kapena ndi mphekesera zobwera pa lamya ya m'manja.

Dziko lino lidaona kale kufunika kwake. Chitatha chisankho cha pa 21 May 2019, kudapezeka mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Pa 3 February 2020 oweruza asanu adathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, ndipo china chidachitika pa 23 June chaka chomwecho. Mlanduwo udaima pa mapepala ndi pa masamu: ngati manambala a pa pepala ili alingana ndi a pa pepala ilo. Ufulu wa anthu mamiliyoni udatsamira pa anthu wamba a m'malo oponyera voti, otha kuphatikiza manambala, kuwerenga chimene akusainira, ndi kusunga pepala lao. Luso limeneli silichokera kumwamba ngati mvula. Limaphunziridwa pa desiki.

LACHIWIRI: KUMVA WOTSUTSANA NAYE

John Dewey, wa ku America, adalemba mu 1916 buku lotchedwa Democracy and Education, m'mene adaphunzitsa kuti demokalase si mtundu wa boma chabe, koma makhalidwe a anthu okhalira pamodzi ndi kugawana maganizo. Pa mfundo imeneyi adanena zoona, ndipo makolo a kuno adaidziwa kale, pakuti pa bwalo la milandu munthu sadula mnzake mau, ndipo ngakhale wopalamula amapatsidwa nthawi yake yolankhula. Mutu umodzi susenza denga.

Koma bwalo la kumudzi limasonkhanitsa anthu a chilankhulo chimodzi ndi mwambo umodzi, pamene dziko limasonkhanitsa Achewa, Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, Angoni, Atonga, Ankhonde ndi ena, Akristu ndi Asilamu. Kwa ana ambiri sukulu ya sekondale ndiyo malo oyamba kumene amadya mbale imodzi ndi munthu wa mtundu wina, namapeza kuti amene ankamuopa ali ndi mai womkonda ndi njala yonga yao. Amene adagona chipinda chimodzi ndi mnzake wa ku Karonga kapena wa ku Nsanje sangakhulupirire msanga akamuuza kuti anthu a chigawo chakuti onse ngoipa. Ndipo m'kalasi, pamene ana apatsidwa mutu kuti atsutsane, wina mbali iyi wina mbali iyo, amaphunzira chinthu chobvuta koposa m'ndale: kugonja popanda kutola mwala, ndi kupambana popanda kunyoza wogonja. Dziko limene anthu ake sadziwa kugonja limasandutsa chisankho chirichonse kukhala nkhondo.

LACHITATU: CHIKUMBUMTIMA

Malangizo awiri oyambawo pa okha sakwanira, pakuti nzeru iri ngati mpeni: imasenda chinangwa, imalasanso munthu. Mu 2013 kudaululika kuba kwakukulu kwa ndalama za Boma kumene anthu adakutcha Cashgate. Amene adachita zimenezo sadali osaphunzira. Adali anthu odziwa kompyuta ndi mabuku a ndalama, ndipo adaba ndi cholembera zimene mbala zikwi sizikadatha kuba ndi zikwanje. Ndalamazo zikadatha kugula mankhwala m'zipatala ndi mabuku m'sukulu. Sukulu imene inola nzeru niisiya chikumbumtima chiri chobuntha imangopatsa dziko mbala zochenjera.

Tsono chikumbumtima sichiphunzitsidwa ndi mau okha. Mwana amaphunzira chilungamo poona m'mene sukulu yake iyendera: ngati mwana wa munthu wolemera alangidwa chimodzimodzi ndi wa mmphawi, ngati ndalama za chitukuko cha sukulu zilongosoledwa poyera, ngati mphunzitsi afika pa nthawi yake, ngati mtsikana angathe kukana zonyansa popanda kuopa kulephera. Mu 2020 mayeso a Fomu 4 adathetsedwa m'dziko lonse chifukwa mafunso adabedwa, ndipo ana onse, osalakwa omwe, adayenera kulembanso. Chimenechi ndicho chipatso cha chiphunzitso chakuti satifiketi ndiyo zonse. Ngati cholinga ndi pepala lokha, njira yachidule yopezera pepalalo idzaoneka yanzeru; ndipo mwana amene adagula mafunso ali ndi zaka 17 sadzaona chachilendo kugula mavoti ali ndi zaka 40.

ZOTSUTSA ZITATU

Wina adzati: "Zonsezi nzokoma kumva, koma unzika sadyera nsima." Mau amenewa ali ndi choona chake. Munthu wanjala amagulitsa voti yake ndi kathumba ka mchere, ndipo ufulu wa munthu wosatha kudzidyetsa umakhala wa dzina lokha. Choncho sukulu iyenera kuphunzitsa ulimi, malonda ndi nchito zamanja, ndipo iphunzitse bwino. Koma chapafupi chisameze chapatali. Ndiponso nchitozo zimachokera kuti? Zimachuluka kumene misonkho siibedwa, kumene makhoti salandira ziphuphu, kumene msewu wolipiridwa umamangidwadi. Dziko lolamulidwa moipa silikhala ndi nchito zokwanira ngakhale ana ake onse atakhala ndi masatifiketi.

Wina adzati: "Kodi ndiye kuti wosapita ku sekondale ndi nzika yoperewera?" Iai ndithu. Ulemu wa munthu suchokera ku sukulu, ndipo nzeru siziyamba ndi choko. Ambiri mwa amene adasankha nyali mu 1993 sadaonepo khomo la Fomu 1, koma adadziwa chimene ankafuna. Komabe boma la makono limalankhula ndi mapepala: bajeti, ngongole za kunja, malamulo a malo, mapangano a migodi, ndipo zambiri mwa izo zimalembedwa m'Chingerezi. Gogo wanzeru angathe kuweruza bwino nkhani ikafotokozedwa, koma asowa womuwerengera mokhulupirika. Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulaimale idakhala yaulere, ana adadzaza makalasi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudakhazikitsidwa sukulu za sekondale zoyendera za m'midzi. Ngakhale ziri choncho, ana ochuluka safikabe ku sekondale. Motero amene wafikako ali ndi ngongole. Malo amene adakhalapo adamangidwa ndi misonkho ndi njerwa za anthu amene ana ao adatsala. Iyeyo ndiye maso a mudzi wake: wowerengera anzake chikalata asanadindepo chala, wofunsa pa msonkhano kumene zidapita ndalama za mjigo, wolemba kalata kwa phungu. Mnyamata wobwerera ku khasu atatsiriza Fomu 4, akamachita zimenezi, mbuzi ija siidapite pachabe.

Wina adzatinso: "Kuphunzitsa ana kufunsa ndiko kuwaphunzitsa mwano." Apa pafunika kusiyanitsa. Mwano ndi kunyoza munthu; kufunsa ndi kulemekeza choona. Pa bwalo, munthu wamng'ono amaomba m'manja, nagwada, koma amanenabe kuti nkhani siidayende chotero, ndipo mfumu yanzeru imamthokoza. Kumvera kulipo kwa mitundu iwiri: kwa kapolo, amene amvera chifukwa cha chikoti, ndi kwa mfulu, amene amvera chifukwa waona kuti lamulo nlolungama. Kapolo amaswa lamulo mwini chikoti akangotembenuka. Mfulu amalisunga ngakhale mumdima. Ana amene amatentha sukulu yao chifukwa cha ndiwo si amene adaphunzitsidwa kufunsa. Kawirikawiri ndi amene sadapatsidwepo njira yonenera dandaulo lao ndi mau. Safunsa adadya phula.

UDINDO WA ALIYENSE

Ngati zimenezi nzoona, makolo asamafunse mwana za malikisi okha akabwera ku tchuthi. Azimfunsanso chimene waphunzira, ndi kuona ngati akunena zoona, ngati akulemekeza osauka. Aphunzitsi akumbuke kuti mwana wofunsa funso lobvuta si mdani wao, ndi kuti kunena kuti "sindidziwa, tikafufuze" ndi phunziro loposa kuloweza masamba khumi. Boma lizindikire kuti sukulu ya kumudzi yopanda mabuku ndi chipinda cha sayansi ikulera oponya voti ochuluka kuposa sukulu zotchuka za m'mizinda, ndi kuti kusiyanitsa kotere kumabala nzika za magulu awiri m'dziko limene malamulo ake ati onse ngofanana. Ndipo mwana wa sukulu mwini adziwe kuti sadapite kumeneko kukathawa anthu a kwao, koma kukawatengera moto.

Satifiketi ndi chinthu chabwino, ndipo nchito ndi dalitso. Koma sukulu ya sekondale idzayesedwa ndi muyeso wina woposa chiwerengero cha opambana mayeso. Idzayesedwa pa tsiku limene mwana wake adzaima yekha ndi pepala la voti, kapena adzakhala yekha m'ofesi ndi ndalama za anthu, palibe womuona. Akadzatha pamenepo kuzindikira choona, kukumbukira mnzake wa mtundu wina, ndi kubweza dzanja lake pa zimene siziri zake, sukuluyo idagwira nchito yake, ndipo thukuta la makolo lidagwera pa nthaka yabwino.